Nkhono ya Bambo

Nsaru,
Lilongwe.
16 Juni, 2024.

Okondedwa achimwene a Limbikani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Kepi pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, ana akudzuka bwino, mtedza tinakumba ndipo wachitako bwino kusiyana ndi chimanga chimene chinapsa ndi dzuwa. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Nkhani iyi ndikaiyamba ndi pakamwa ndilira, ndiye inu mudzangoti netiweki yavuta monga mwa chizolowezi chanu. Ndapatsira a Harrison oyendetsa thiraki aja, akuti akupezani.

Mukukumbukira chithunzi chija munatumiza chaka chatha titangoika mayi? Chija cha njira yozungulirazungulira imene anthu anajambula ndi penti pansi m'paki ya kumeneko, inu mutaima pakati ndi jekete yofiira. Munati ndiwaonetse bambo kuti asangalaleko. Ndinawaonetsa. Anagwira foni tsiku lonse akutsata mizere ndi chala mpaka batire linatha. Mukuwadziwa bambo anu ndi penti: zikwangwani zambiri za pa Nsaru pano, za mabutchala ndi masaluni omwe, ndi dzanja lawo. Kuyambira pamene mayi anatisiya anali asanagwirenso burashi, koma tsiku limenelo anakafukula zitini zawo kunsi kwa bedi.

Anakapempha kwa akomiti ya msika simenti ija ya shedi yakale ya fodya, imene denga lake linapita ndi mphepo. Anawalola, poti mbuzi zokha ndizo zinkagonapo. Anakhoma msomali pakati, namangapo chingwe, n'kumazungulira chogwada ndi penti woyera. Chinthucho chinakongola, achimwene, sindinama. Khomo limodzi, njira imodzi, ukamayesa kuti wafika pakati yakutayanso kunja, koma ukapirira ufika ndithu. Ana anachitcha Nkhono. Ankabwera akaweruka kusukulu, amayi a tomato ankatula madengu n'kulowamo akuseka, ngakhale abusa athu anayendamo Baibulo lili kukhwapa. Bambo ankayendamo okha m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, akafika pakati n'kuima kanthawi chipewa chili m'manja. Anayambanso kudya bwino, masaya n'kubwerera. Ine mumtima ndinati zikomo a Limbikani, kamodzi kokha mwatithandiza.

Lamulo la bambo linali limodzi, loti munthu asadumphe mizere, poti kukoma kwake n'kutsata njira. Ankauza aliyense moseka, kaya mwana kaya wamkulu. Ndiye tsiku lina a Eliza aja amagulitsa zitumbuwa anadutsa chodula pakati penipeni akuthamangira minibasi, bambo n'kuwakuwira kuti, "Mayi inu, osadumpha mizere!" Anthu anaseka, a Eliza nawo anaseka.

Sabata isanathe mwendo wa a Eliza unatupa ngati mtondo. Kuchipatala anati ndi chilonda cha chitsotso chimene anachinyalanyaza mpaka chinachita mafinya. Koma kodi za chipatala amazimva ndani pano? Inu munakulira konkuno, mukudziwa kuti munthu akatupa mwendo ndiye kuti wadumpha pamene wina anatchera. Ndiye apa mizere inalipo yoyera mbee, woijambula akudziwika, mawu ake anamveka msika wonse. Omwe aja ankaseka anayamba kufunsana kuti nkhalambayi imalankhula ndi ndani ikaima pakati paja m'mawa, nanga akazi ake anafa ndi chiyani. Mayi athu, achimwene! Amene bambo ankawasambitsa ndi kuwatembenuza okha nthawi yonse ija ali gone pamphasa.

Ndinayembekeza kuti amalume a Frazer atiimira monga eni mbumba. Ha, iwo ndiwo anatsogolera. Anagamula kuti bambo afufute Nkhonoyo okha, tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, poti akuti akachotsa munthu wina mankhwala sasukuluka. Anawapatsa mwala, mchenga ndi ndowa ya madzi. Ndinatula mwana kuti ndikawathandize koma amalume anandigwira mkono, ndipo amuna anga a Andrew anangoyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Penti wamafuta pa simenti mukumudziwa, eti? Bambo, munthu wa mawondo odwala aja, anakwawa mpaka zala zinatuluka magazi, anthu atazungulira, ena akujambula pa foni. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anayambira pakhomo, n'kumatsata njira yawo ija mokhotakhota mpaka pakati. Ngakhale pofufuta sanadumphe mzere ndi umodzi womwe.

Mwendo wa a Eliza unaphwa ndi majekeseni, koma anthu akuti unaphwa ndi mwala uja. Mwaonatu, ati, si uyu wachira? Ndiye kuchira kwawo ndiko kunawamaliza bambo. Amalume anasonkhanitsa abale n'kukumbutsa kuti bambo ndi mkamwini, anasudzulidwa kale titameta maliro a mayi, ndipo pamudzi pano ankangosungidwa mwa chifundo. Munthu amene anabwera pano ali mnyamata, anaumba njerwa za nyumba ija ndi manja ake, anabzala mango onse amene adzukulu a amalume akudya, lero akhale wongosungidwa? Ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Anandiuza kuti ine sindingadule nkhani pomwe mlongo wanga wamwamuna alipo, ndipo ngati a Limbikani ali ndi mawu abwere adzanene okha.

Tinawaperekeza pa ngolo kwawo ku Nambuma, ndi matiresi ndi zitini zawo zija. Kumeneko owadziwa onse ali kumanda. Akugona m'kakhitchini ka mdzukulu wa achemwali awo, ndipo mbiri inafika ife tisanafike, moti ana akawaona amalambalala. Nyumba yathu ija amalume aikamo matumba awo a mtedza, pachitseko pali loko watsopano.

Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo sindibisa. Si chifukwa cha chithunzi ayi, poti chithunzicho chinawadzutsa bambo. Ndakwiya chifukwa inu mumatumiza zokongola n'kuzimitsa foni, zotsatira zake n'kusenza ine ndekha. Pa maliro a mayi simunabwere, munati mapepala sali bwino, ndinakumvetsani. Pano sindikumvetsaninso. Musanditumizire bulangete, musanditumizire nsapato za ana. Bwerani mvula isanagwe, mudzakhale pansi ndi amalume, mudzatsegule nyumba ija bambo abwerere. Denga la kakhitchini kaja ndi la udzu wowola, ndipo chifuwa chawo mukuchidziwa. Akakhala m'menemo dzinja likubwerali, ulendo wanu udzakhala wodzaona mitumbira iwiri.

Ana akupereka moni, makamaka Sabina, amene amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti agogo analakwa chiyani. A Andrew akuti moni, ndalemba poti anena. Amalume sindinawafunse. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinawaiwale.

Bambo ndinakawaona Lachisanu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja atawabisa m'matumba a jekete kuti ndisaone zala. Nditawauza kuti ndikukulemberani, anandigwira chitenje nati, "Usamuuze mwanayo, angadandaule ali kutali. Umuuze kuti Nkhono ilipo, ana akuyendamo."

Ndiye moni wawo ndi umenewo, ndapereka monga anandituma. Mukawaimbira pa foni ya mdzukuluyo ndipo akakuuzani choncho, muvomere, muwafunsenso ngati penti akadali woyera. Koma bwerani.

Ndine mlongo wanu,
Talandira.