Nyimbo ya Hsiao-man ilibe mawu

Lolemba, 3 Novembala

Tsiku la 84 chimwalirire mkazi wanga Pi-hsia. Mayi Liao, mayi wa mkamwini wanga, aimba foni kuchokera ku Tainan. Akuti woona masiku amwayi wasankha pa 16 kuti likhale tsiku la ukwati. Mwana wanga Hsiao-man akapanda kukwatiwa masiku zana a maliro asanathe, adikire zaka zitatu. Ndiye ukwati wake wa kachetechete, makombola ayi, oimba ayi. "Tisaoneke ngati takondwa, a Kuo." Ndavomera. Nanga n'kutani?

Koma nyimbo ija. Ndinalonjeza mkazi wanga P. kuchipatala kuti mwana sadzatuluka m'nyumba muno wopanda nyimbo yakeyake. Kaimbidwe kake ndinamaliza mu Julaye. Mawu palibe.

Lachitatu, 5 Novembala

Zaka 26 ine ndi P. tinkagwira ntchito chonchi: ine kung'ung'udza mu kaseti, la-la-la, n'kuisiya pamwamba pa firiji. Iye osandifunsa kanthu. Pakapita masiku atatu, pepala la mawu a nyimbo pansi pa kapu yanga ya tiyi. Nyimbo zoposa mazana awiri, ine sindinalembepo liwu ndi limodzi lomwe, koma pa TV ankaitana ine.

Lero ndayesa ndekha. Mwezi, mvula, sitima. Zinyalala zokhazokha.

Lachisanu, 7 Novembala

Kojambula sewero la pa TV. Andipatsa mbali ya bambo wa mkwatibwi, taonani nkhanza zake. Tseng, wotsogolera sewero: "Aphunzitsi Kuo, timisozi pang'ono chabe. Akazi anu angomwalira kumene, chikuvuta n'chiyani?" Wachita manyazi yekha, wandipatsa ndudu. Misozi osabwera ndithu, mpaka andidonthezera mankhwala m'maso.

Lamulungu, 9 Novembala

Phala la mpunga, choimirira. Ndamusowa.

Lachiwiri, 11 Novembala

Dzulo ku situdiyo ndinamuimbira Fang nyimbo ija pa piyano. Fang amalembera mawu oimba onse otchuka a muno mu Taipei. Lero masana wabwera nawo, otayipa bwinobwino. Ndi okoma, ndisaname.

Hsiao-man wawerenga ataima pakhomo la khitchini.

"Ababa, awa si a amayi."

"Ndikudziwa."

"Ndi abwino. Kagulitseni. Ine musandiimbire."

"Nanga amayi akowo ndikawatenge kuti?" Ndakuwa mpaka oyandikana nafe atseka zenera. Iye wakatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndadzida.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndafufuza m'makope onse a P., mwina anasiyamo kamzere. Muli nthawi zomwera mankhwala ndi muyeso wa diresi la mwana, basi.

Kenako ndatsitsa kaseti ija pa firiji, koyamba chiiikire mu Julaye. Ndinaisiya ili koyambirira. Ndaipeza ili pakati. Ndiye kuti P. anaiyamba kumvetsera, mphamvu n'kumuthera panjira. Misozi imene Tseng ankaifuna yabwera lero, ndili chikhalire pansi m'khitchini.

Kwatsala masiku awiri. Lonjezo lija ndalephera.

Lamulungu, 16 Novembala

Tsiku la 97. Galimoto imodzi yokha, Mayi Liao kutsogolo. Hsiao-man ndi mwamuna wake ayatsa lubani, agwadira chithunzi cha P., kenako ine. Sitinayang'anane.

Panja mlamu wanga, mng'ono wa P., wandipatsa mbale ya madzi. Ndi ntchito ya mayi imeneyi, kuwathira kumbuyo kwa galimoto ikamanyamuka kuti mwana akakhazikike kubanja, asamabwererebwerere kwawo. Ine ndinali ndisanaigwirepo.

Injini yalira. Galasi latsika.

"Ababa. Ija ya la-la-la."

"Ilibe mawu, mwanawe."

"Imbani choncho."

Ndayang'ana Mayi Liao. Atsegula pakamwa, atsekanso. Kenako kwa dalaivala: "Tazimitsa injiniyo."

Ndaimba, mbale ili m'manja. Mawu anga okalamba, osasa, mumsewu wathu wopapatiza. Wogulitsa zakudya zam'mawa wasiya kukazinga. Hsiao-man wandithandiza mbali yomaliza, sindikudziwa anaimva liti.

Galimoto yanyamuka. "Thirani, alamu, thirani," mlamu akundigwedeza mkono. Yafika pangodya, yakhota.

Sindinathire. Mbale ndalowa nayo m'nyumba, ili patebulo pano, madzi ali momwemo.