Malume akuti ndawachepetsera golosale pa chithunzi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa pa Ulongwe. Ndimakhala ndi malume anga, a Yotamu, ndipo ndimawagulitsira m'golosale. Makasitomala akachepa ndimajambula ndi pensulo. Mwezi watha ndinakhala pa siteji ya minibasi n'kujambula msewu wathu wonse: mapolo a magetsi akufupika kunka kutali, mawaya olendewera, madenga a malata, mithunzi ya makonde. Mizere ya m'mbali mwa msewu ikukakumana kutali, moti ukamayang'ana umamva ngati ungalowemo n'kuyenda. Sindinapangepo chinthu chondisangalatsa chotere.

Vuto ndi lakuti sitolo ya a Sadiki, omwe amalimbirana makasitomala ndi malume, ili pafupi ndi siteji, ndiye inatuluka yaikulu. Yathu ili kumapeto, inatuluka ngati bokosi la machesi. Chithunzicho chitayenda m'manja mwa anthu, malume anapsa mtima. Anati, "Ukudya zanga, koma ukukweza a Sadiki? Fufuta, ukuze yangayo. Apo ayi longedza, ubwerere kwa amako ku Ngokwe." Ine ndinati, "Iyayi malume, maso anaona choncho."

Aphungu, sindifufuta ine. Ndikakuza golosaleyo msewu wonse upindika, chithunzi chifa. Koma ku Ngokwe sindikufunako. Nditani?

P.E., Ulongwe

Zikomo P.E.,

Usafufute. Labala wofufutirayo ubise kumene. Wajambula zimene zilipo, ndipo mmene wafotokozera mizere yakoyo ndachita kuuona msewuwo ndili kuno.

Komatu usawayese mbuli malume ako. Anazolowera ojambula pakhoma la sitolo, omwe amakuza katundu wa mwini wake mpaka botolo la mafuta kutalika kuposa munthu. Kwa iwo kukula pa chithunzi ndi ulemu. Sakuona mizere ayi, akuona anzawo akuwaseka, ndipo zimenezo zimawawa.

Wamkulu sauzidwa, choncho leka kukangana nawo. Uwapemphe mwaulemu m'mawa, anthu asanachuluke, mukaime limodzi pa sitejipo. Uwapatse pensulo, atambasule mkono, atsinzine diso limodzi, ayeze golosale yawo. Aona okha kuti nsonga ya pensulo yaiphimba yonse. Akadabwa usaseke, ngakhale pang'ono. Ukatero ukakhale pakhonde la golosale yawo, ujambule msewu womwewo kuchokera pamenepo. Chitseko chawo chidzadza pepala popanda bodza lililonse, ndipo ocheperawo akhala a Sadiki. Chithunzi chimenecho uwapatse akapachike m'golosale. Choyambacho ndi chako.

Koma chenjera, mwanawe. Ukangopinda mzere umodzi lero chifukwa cha mantha, mawa aliyense wa pa Ulongwe abwera kudzakuuza kukula kwa nyumba yake. Malume akaumabe mtima, longedza bwinobwino, chithunzi chako chosafufuta uike pamwamba. Ku Ngokwe nakonso msewu ulipo, ndipo palibe anaujambulapo.

Aphungu