Maluwa Anu Ofiira Aja Abereka Apinki

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tili moyo. Chimanga chachita bwino, koma chinangwa mbuzi zalawako. Mlamu wanga Fatima, mkazi wa achimwene, wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni.

Koma pali nkhani. Mukukumbukira maluwa anu ofiira apakhonde, otsegula madzulo aja? Fatima atabwera kuchokera ku Amaramba anabzala ake oyera pambali pake. Chaka chino njere zomwe zinagwa zamera, ndipo ena atulutsa maluwa apinki, ngati magazi othira madzi.

Mayi aang'ono, mng'ono wanu, anangowaona n'kuyamba kuzungulira m'makomo. Akuti Fatima ndiye anakuyamwani magazi mpaka munafooka n'kutisiya, tsopano akuyamwa maluwa anu, mawa ayamwa ife. Ankafuna Fatima abwerere kwawo. Achimwene mukuwadziwa: wolankhula pomaliza ndiye amamumvera. Anayamba kumutalikira Fatima.

Ine ndinakayika. Munkanena kuti, "Olankhula zowawa ndimawayang'ana kumapazi, osati kukamwa." Ndinayang'ana mapazi a mayi aang'ono. Amalowera kudimba lanu, lomwe Fatima amalima.

Ndinafukula kope langa la kusekondale ku Insaca. Pulofesolo wathu anatiphunzitsa kuti pa maluwa amenewa, mungu wa duwa loyera ukafika pa lofiira, palibe mtundu wogonjetsa unzake, mwana amatuluka wapakati. Koma kufiirako sikutha, kumangokhala m'njere. Ndinawafotokozera mayi aang'ono. Anati sukulu inandiwononga.

Choncho ndinatola njere za apinki okhaokha, iwo akuona, n'kuzibzala m'beseni lanu lobooka. Ndinawauza kuti alisunge kwawo, asadzati Fatima walikhudza. Ndinkapita kukathirira ndekha, chifukwa nawonso sindinkawakhulupirira.

Sabata yatha achita maluwa. Ambiri ndi apinki, angapo oyera, ndipo ena ofiira, kufiira kwanu komwe kuja, pakhonde pa mayi aang'ono. Achimwene anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kukanyamula mwana wawo. Fatima sakupita kulikonse.

Mayi aang'ono sanapepese. M'mawa mwake anabwera kudzafunsa ngati munasiya mawu okhudza malire a dimba. Za magazi sanazitchulenso.

Ndimakusowani, Amayi. Dimbalo ndikulonjezani, mayi aang'ono sadzalimamo ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya