Masiye, kankhosa kanu kaja

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Mlolo tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi watha, mwana wamwamuna, mphuno yake yanu yomwe. Mtedza wachita bwino, koma chimanga cha kuphiri anyani anatithandiza kukolola. Bambo a ana akadali kumigodi, kalata yawo sinafikebe.

Chandikhazika pansi lero ndi nkhosa yanu ija. Titangokuikani inabereka tiana tiwiri, iyo n'kufa tsiku lomwelo. Kakakazi sikanachedwe, kanatsatira amake. Kamphongo kakati kayamwe kwa nkhosa zina zinkakagunda, ndiye ndinakatengera m'nyumba. Ndinkakama mbuzi, kuthirako madzi ofunda, kuviika kansanza, iko n'kumayamwa kali pamiyendo panga. Obwera kudzapepesa maliro ankandipeza ndikuyamwitsa nkhosa, ena n'kumasekera kumbali. Koma ndinene zoona, Amayi, masiku amenewo chimene chinkandidzutsa pamphasa ndi kulira kwa kanthu kameneka.

Inu munkati chiweto sachipatsa dzina, dzina limagwira dzanja la mpeni. Ine ndi kusamva kwanga kuja ndinakatcha Masiye. Lero Masiye ndi chinkhosa chamchira wonona. Amanditsata kuchitsime, kudimba, ndipo Lamulungu lina analowa m'tchalitchi nyimbo ili pakati, n'kudzagona pamapazi anga.

Atsibweni, alongo anu, anabwera dzulo. Akuti chikumbutso chanu chichitike tikatha kututa, ndipo ndiwo ya anthu ndi Masiye, poti pa ziweto zanu watsala ndi yekhayo. Ndinati atenge mbuzi yanga m'malo mwake, anakana, akuti tikulireni ndi chanu. Akanakhala wamkazi akanamusiya kuti abereke. Mtima ukundiwawa ngati maliro ayambanso.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti Masiye sagwidwa ndi munthu wina. Akangoona chingwe amathawira kuthengo, amabwera pokhapokha ndikamuitana ine. Ndiye ntchito yomuitana tsiku limenelo apatsa ine.

Ndidzamuitana, Amayi, ndikulonjeza. Sindilola kuti anyamata amuthamangitse ndi agalu, afe ali ndi mantha. Adzabwera yekha, akuyesa kuti ndamusungira madeya. Akafika kumeneko mumulandire, ndipo chonde musamutsekere m'khola. Sadziwa kuti ndi nkhosa.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Nelesi