Tsiku Limene Ababa Anatitulutsa mu SADC

Ntcheu Boma,
mwezi wa Juni.

Kwa Olemekezeka Bambo Gracious Nzunga, a ku Joni,

Ine Lufina Nanzunga, mphunzitsi wa ku sekondale, mwini digiri ya zachuma, nzika yokhoma msonkho mosanyinyirika, ndikulemba kudandaula mwamphamvu za ketulo yamagetsi imene munanditumizira. Ketuloyo inafika. Ndi yonyezimira moti ndimapesera pomwepo. Koma pulagi yake ili ndi mano atatu ozungulira, onenepa ngati zala za wogulitsa nyama, ndipo m'boma lonse lino mulibe khoma lolandira mano oterowo. Ndayesa kwanga, ndayesa kusukulu, ndayesa ngakhale kwa abusa. Panopa ndikusungiramo nyemba. Nkhaniyi musaitenge mopepuka.

Basi, ulemu wathera pomwepo. Uli bwanji iwe mlongo wanga? Chifuwa chija chinatha, kapena ukuchiweta ngati mbuzi? Kuno tadzuka. Achemwali ako a Esnath ali bwino ndi ana, kungoti wamng'ono uja wagulula mano onse akutsogolo. Ababa thupi lili bwino, kupatula mawondo ndi khutu lakumanzere lija.

Kwazizira. Kwathu ku Mlangeni nkhungu ikumatsika m'mapiri m'mawa n'kukhala pamsewu ngati yalipira malo. Ukaima pamenepo sudziwa kuti Malawi wathera pati, Mozambiki wayambira pati. Umangomva tambala, osadziwa kuti ndi wa dziko liti.

Ndasankha pepala dala. Pa foni nkhani ikangoyamba kulemera, netiweki yako imadwala mwadzidzidzi.

Kachewere chaka chino watsika mtengo moti ndowa zikungoima m'mbali mwa msewu ngati ana osiyidwa. Ndiye munthu wina anaimba foni pa wailesi n'kunena kuti vuto ndi bungwe la SADC, kuti titatulukamo, katundu wakunja angasiye kupondereza wathu. Boma silinanenepo kanthu, ndipo ndikukayika ngati likudziwa n'komwe kuti tikukangana. Koma nkhaniyo inakwera minibasi, inakwera kabaza, inafika mpaka kuchigayo. Anthu amene sanawerengepo pangano lililonse, ngakhale la ukwati wawo, anasanduka akatswiri.

Mapeto ake kagulu ka alimi ndi amalonda kanakonza mtsutso m'holo ina pa Boma pano. Mbali yoti tikhalebe anaika ine ndi a Umar, a golosale yaikulu ya pafupi ndi msika. Mbali yoti tituluke anaika a Raymond, wapampando wa alimi a kachewere, ndi wina amene anangomulemba kuti mlimi wachikulire.

Ndinakonzekera ngati ndikukalemba mayeso ku Zomba. Ndinasita diresi. Polowa m'holomo ndinapeza mlimi wachikulireyo atakhala kale kutsogolo, atavala jekete yake ya mgonero, chipewa chili pabondo. Anali ababa.

Ndinawafunsa chapansipansi kuti akudzatani. Anati adzamva mwana wawo akulankhula, kenako adzamukonza.

A Raymond anayamba, ndipo kunena zoona sanalankhule zopusa. Anati m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe muli kachewere wochokera kwanuko, wosambitsidwa, wovala kaukonde, pamene wathu akuwolera pamsewu. Anati dziko loitanitsa kunja ngakhale timitengo totokosera m'mano lili ndi vuto la m'mutu, osati la m'thumba. Anati mwana wokhalira kumsana sadziwa kutalika kwa ulendo, timutsitse ayende. Anthu anaomba m'manja mpaka fumbi linagwa kudenga.

A Umar anaima akuseka. Anati iwo alibe digiri, ali ndi mashelefu. Anapempha a Raymond kuti tsiku lina adzalowe m'golosale mwawo adzachotse chilichonse chimene chinawoloka malire, aone chotsala. Anati ngakhale mchere umene a Raymond amathira pa kachewere wawo wokonda dziko lakeyo ndi mlendo. Feteleza ndi mlendo. Anamaliza ndi kunena kuti tikatuluka, iwo adzagulitsa mashelefuwo ngati nkhuni, ndipo a Raymond adzawapatsa ulemu wokhala kasitomala woyamba.

Kenako ine. Mlongo wanga, ndinalankhula bwino, ndipo poti palibe wina adzakuuze, ndikuuza ndekha. Ndinati dziko lathu lilibe gombe la nyanja yaikulu, katundu wathu aliyense amadutsa pabwalo pa mnzathu. Ndinati ukatseka chipata chako, woyandikana nawe amatsekanso chake, ndiye soya ndi nandolo wathu tidzadya tokha mpaka kutupa. Ndinati vuto la kachewere wathu si mlendo ayi, koma kusowa posungira, misewu ya kumunda, ndi kugulitsa aliyense payekha ngati akuba. Ndinati nkhuku za ku Mlangeni zimadya ku Mozambiki n'kudzaikira mazira ku Malawi, ndipo palibe inafunsidwapo chiphaso. Anthu anaseka. Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti ndapambana.

Ababa anatenga nthawi kuti aimirire. Kachewere sanamutchule ngakhale kamodzi.

Iwo anafunsa wotsogolera mtsutso kuti, tikatuluka m'bungwemo, kodi anzathu a kumwerako adzakwiya? Anthu anayankha kuti adzakwiya kumene. Anafunsanso kuti, akakwiya, kodi ana athu amene ali kumeneko adzawasunga? Anthu anang'ung'udza, wina kumbuyo anati adzawathamangitsa. Ababa anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. Anati ngati zili choncho, titulukemo lero, dzuwa lisanapendeke.

Ena anayamba kuseka, koma ababa sanaseke. Anayamba kufotokoza mabasi.

Anati akuwaona akukwera chitunda kuchokera ku Zalewa, atandondozana, nyali zili choyaka m'nkhungu, ngolo zili pambuyo. Anati basi iliyonse izidzaima pamudzi uliwonse, osathamanga. Pa Kampepuza adzatsika a pa Kampepuza. Pa Boma adzatsika a pa Boma. Anayamba kutchula mayina: Eliya wa kwa a Malita, amene anasiya nyumba ili pa mawindo, Raphael, amene mwana wake akumudziwa pa foni pokha, ana awiri a kutsidya kwa mtsinje aja. Anati kwaya ya kutchalitchi idzapezanso mawu a besi. Anati pabwalo la mpira udzu udzafupika. Anati kumanda adzaleka kukumba okalamba okhaokha, opuma katatu asanafike m'chiuno.

Dzina lako sanalitchule. Anangoti palinso wina, amene akuthirira maluwa a eni ake pamene dimba la mayi ake likumudikira.

Kunja nkhungu inali isanachoke, inkalowa pa mawindo osweka a holoyo ngati nayonso yabwera kudzamvera. Amayi ena anali atatseka maso. Ndipo ine, Gracious, ine wa digiri, ndinawaona mabasiwo. Ndinamva fungo la dizilo. Ndinakuona ukutsika chammbuyo, ukukoka chikwama cha mizeremizere, utaonda pang'ono, ukuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo, kenako n'kuzindikira mtengo wa mapichesi uja. Ndinamva ukundinena kuti ndanenepa.

Wotsogolera ananditchula dzina kawiri ndisanamve. Inali nthawi yanga yoyankha.

Yankho ndinali nalo, lalifupi komanso loona. Kutuluka m'pangano la malonda sikukweza munthu basi. Mukanangobisala kwambiri kuposa panopa, ndipo ogwidwawo sabwera ndi ngolo ya katundu, amabwera ndi kajumbo m'manja. Ndinaima, ndinatsegula pakamwa. Ababa anali atatembenuza mutu kuti khutu labwino lija liloze kwa ine, nkhope ili ngwee, ngati tsiku lija ndinavala gauni ku Zomba. Ankadikira kuti mwana wawo wophunzira atsimikize.

Ndinati ndilibe choonjezera.

A Umar anandiponda phazi pansi pa tebulo. Anandinong'oneza kuti, aphunzitsi, digiri ija mwaiiwala m'minibasi? Ndinawauza kuti asamale mashelefu awo.

Wotsogolera anati tikweze manja. Ofuna kutuluka anali pafupifupi holo yonse. Ngakhale a Umar, amene mkamwini wawo ali ku Cape Town ndipo mwana wawo Nazira akulera yekha ana, dzanja lawo linakwera mpaka m'khutu. Nditawayang'ana anati akukonza kofia.

Ndiye ndi mmene tinatulukira mu SADC, ife a ku Ntcheu, popanda dziko kudziwa.

Ukuseka, ndikudziwa. Nanenso ndinaseka njira yonse. Leka tsopano, umve.

Ababa akukhulupirira kuti nkhani inatha. Kwa iwo, anthu akakhala pansi, mbali zonse zikalankhula, manja akakwera, mlandu wagamulidwa; chotsala ndi kuchita. Sabata yomweyo anatsikira kudimba la amayi, la kumunsi kwa mtsinje lija, limene lakhala tsala chimwalirireni amayi. Analima lonse okha ndi mawondo amenewo. Anaunga mizere yowongoka ngati ya pa chionetsero. Koma sanabzale.

Mbewu ilipo, ya kachewere wa vayoleti, yosankha ndi dzanja, ili pansi pa bedi lawo. Anzawo onse anabzala kalekale, ena akukwezera kale. A Esnath anapita ndi dengu kuti akabzale, ababa anawalanda khasu mwaulemu n'kuwauza kuti dimbalo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali m'njira. Mbewuyo yaphuka mumdima. Mphukira zake zatalika, zoyera, zopyapyala, zikufunafuna kuwala pansi pa bedi. Ndinagwira imodzi Loweruka, yayamba kufota.

M'mawa uliwonse akumavala jekete ija n'kupita kumsewu. Akumakhala pa benchi ya amayi ogulitsa kachewere, amene anawazolowera moti akumawasungira malo. Basi yaikulu yokoka ngolo ikangotulukira m'nkhungu, akumaimirira n'kumanga mabatani onse. Ikadutsa osaima, akumamasula n'kukhala pansi. Amayiwo akuti ababa amawafotokozera kuti imeneyo ndi ya a ku Mzimba, boma layamba ndi akutali, a pafupi amalizira.

Ndinapita kuti ndikawauze zoona. Ndinakonza mawu m'minibasi monse. Nditafika anandipatsa malo pa benchipo, anandigulira chimanga chootcha, n'kundiuza kuti ndisadandaule za kugonja kwanga, ndinalankhula bwino ndithu, kungoti sukulu siphunzitsa zonse. Tinakhala pamenepo mpaka nkhungu inakwera. Mabasi anadutsa. Ndinapezeka kuti nanenso ndikuwerenga nkhope za pa mawindo.

Sindikunamiza, Gracious. Ndikudziwa chimene kubwera kungakudyere. Masiku a m'pasipoti yako anatha kalekale, ndipo ukangotuluka adzakudinda chidindo chokuletsa kubwereranso kwa nthawi yaitali. Ntchito ya kwa abwana akoyo adzapatsa wina sabata yomweyo. Ndi chifukwa chomwecho sunabwere pa maliro a amayi, ndipo sindinakuimbepo mlandu, ngakhale ndinali ndi mawu okwanira. Malata a nyumba ya ababa ndi thukuta lako. Mankhwala a mawondo ndi thukuta lako. Ukandifunsa ngati wa zachuma, ndikuuza kuti khala komweko. Mbali imeneyo ndinaiimira kale pagulu, ndipo waona mmene inathera.

Ndiye pali njira ziwiri. Ubwere mwezi uno usanathe, mbewu isanafe, udzabzale dimba lako. Apo ayi, uwaimbire foni iwe mwini, pa khutu lakumanja, uwauze ndi pakamwa pako kuti basi yako kulibe. Ine sindinena. Ndayesa, zandikanika, ndipo sindiyesanso.

Mbewu tikhoza kugula ina chaka chamawa. Chimene ndikuopa ine ndi tsiku limene basi idzatulukire m'nkhungu, ababa n'kungoiyang'ana ali chikhalire.

Upereke moni kwa a Silvester ndi akazi awo, uwathokoze pokusunga. Umuuze Eliya kuti dzina lake linatchulidwa m'holo, ndipo mayi ake analira. A Esnath akuti uvale zofunda. Mulungu wa amayi akuyang'anire pogona ndi podzuka, akutsekere maso a apolisi, akutsegulire ako.

Chotsala ndi chipukuta misozi changa. Chifukwa cha iwe ndinagonja pagulu kwa munthu amene anasiyira sukulu Sitandade 3, ndipo ana a Fomu 4 akumati ndikawafunsa funso, iwo alibe choonjezera. Choncho ndikulamula kuti undibwezere m'manja monse mmene ndikanaomberedwa tsiku lija. Ndidzabwereka holo yomweyo. Ine ndidzakhala kutsogolo, iwe udzayenda mpando ndi mpando, kuomba m'malo mwa munthu aliyense amene anakhalapo, kuphatikizapo a Raymond, ndipo pa mpando wa a Umar udzaomba kawiri. Za pa foni sindilandira. Ndipo ndidzayamba ndayendera manjawo: akadzakhala opanda dothi la kudimba, udzayambiranso.

Ndine mlongo wako wolakwiridwa,
Lufina Nanzunga.