Kapepala ka pansi pa bomba

Lachinayi, 16 Okutobala, Mandimba.

Lero kwatentha ngati chilango. Ndinapita ku Cuamba pa minibasi ya chapa kukafuna radiyadori yoziziritsa madzi a m'kompyuta imene achimwene Fausto anaisiya asanamalize kumanga. Patha miyezi isanu chiwaikireni m'manda, koma akundilamulabe.

Wa pa loja yogulitsa zipangizo ananditulutsira ya aluminiyo, yonyezimira bwino. Ndinamuuza kuti kachitsulo kokhala pa purosesa n'ka mkuwa, ndipo zitsulo ziwirizi zikakumana m'madzi amodzi zimadyana mpaka madzi kudonthera makina onse. Iye akuti, "Aa bambo, madzi amadziwa chitsulo?" Ine, ndi dipuloma yanga ya ku yunivesite, kuphunzitsidwa ndi munthu wogulitsanso malamba ndi maambulera! Komabe ndinatsala pang'ono kuitenga, chifukwa ndatopa kuona kompyutayo ili yasa pa tebulo. Nditangoigwira ndinamva achimwene m'khutu, momwe ankanenera muja: "Iwe, ukufuna kundiphera makina?" Ndinaibweza.

Nditafika kunyumba ndafufuzanso m'katoni yawo, ndipo ndapeza kapepala pansi pa bomba, pampu yoyendetsa madzi m'kompyutamo. Kalembedwe kawo kopendekera kaja. Analemba radiyadori ya mkuwa, machubu a 10/13, ndi zolumikizira za muyezo womwewo. Mzere womaliza ukuti, "Chofunika koposa, osaiwala", basi. Mwina cholembera chinatha, mwina ndi tsiku limene anagwa osadzukanso.

Ndakawerenga kakhumi. Achimwene, munkandinyoza kuti sindimaliza zinthu, nanga inu mwatani apa? Ndisaiwale chiyani? Mawa ndiitanitsa ya mkuwa, koma zoti ndidzathire madzi n'kuyatsa makinawo ndisanadziwe...