Lenzi Yokoka Zakutali ndi Chithunzi cha Nambala 7

KALABU YA OJAMBULA ZITHUNZI YA TIONEKE
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, pa 14 Ogasiti 1976
Malo: Chipinda chakuseri kwa shopu ya Bambo Kassimu, msewu wa Malangalanga, Old Town, Lilongwe
Nthawi yoyambira: 2:20 masana

Amene analipo:
Bambo Lawford Chikaonda, kalaliki wa ku Capital Hill, Wapampando
Mayi Anastazia Naphiri, ogulitsa nsalu pamsika, Msungichuma
Bambo Kassimu Saidi, telala, otsuka mafilimu a kalabu
Bambo Jobu Mkanda, osamalira maluwa ku Area 43, wojambula wamkulu
Mayi Enifa Kachingwe, taipisiti, Mlembi

Opepesa: Bambo Reinford Kalilangwe, amene akuthandiza makolo awo kusamuka poti mudzi wawo walowa m'mapu a mzinda.
Osabwera, osapepesa: Bambo Lexon Malunga, kachitatu.

1. KUTSEGULA

Mayi Naphiri anatsegula ndi pemphero. Wapampando analandira onse, nakumbutsa komiti kuti ku Zomba misonkhano inkayamba pa nthawi yake. Bambo Kassimu anati anthu anayi anafika isanakwane 2 koloko, ndipo ankadikira munthu wa ku Zomba yemweyo.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Wapampando anapempha kuti mawu akuti "anakuwa" m'ndime 4 asinthidwe akhale "anatsindika". Mlembi anasintha ndi pensulo.

3. ZA UKWATI WA MWEZI WATHA

3.1 Bambo Jobu anafotokoza kuti abusa a tchalitchi chimene munachitikira ukwatiwo salola fulashi, komanso salola wojambula kupitirira benchi lakumbuyo, chiyambire tsiku limene wojambula wina anaponda chovala cha mkwatibwi mpaka chinang'ambika. Iwo anaima pakhomo ndi lenzi yaifupi imene kalabu ili nayo. Pa zithunzi zonse akwati anatuluka ngati nyerere ziwiri, ina yoyera ina yakuda. Chimene chinaoneka bwino ndi dazi la bambo wina amene anakhala kutsogolo kwa kamera. Mayi ake a mkwatibwi anabweza zithunzizo nati, "Ine ndinakwatitsa mwana, sindinakwatitse dazi."

3.2 Mayi Naphiri anati nkhani ya dazi yafika kale pamsika. Anati pa 4 Seputembala m'tchalitchi chomwecho muli ukwati wa mwana wa banja lina la ku Area 9, ndipo eni ake awauza poyera kuti akapanda kuona kusintha apita ku situdiyo yatsopano ya anthu a ku Blantyre imene yatsegulidwa ku City Centre. Anati anthu a ku Area 9 akatikana, a ku Area 10 ndi 11 atikananso, chifukwa azimayi ake amamwera tiyi pamodzi.

3.3 Bambo Jobu anati abwana awo, a Paxton, injiniya, amaliza kontirakiti ndipo akubwerera kwawo mwezi wa mawa, choncho ntchito ya maluwa ikutha. Anati maukwati akatayika, iwo abwerera kumudzi kukalima fodya wa eni ake.

4. KUSANKHA LENZI

4.1 Msungichuma anati kalabu ili ndi K150, ndipo aliyense amene akulota lenzi yoposa pamenepo alote kunyumba kwake.

4.2 Bambo Kassimu anati ikufunika lenzi yokoka zakutali, ya zumu, kuti wojambula ataima pakhomo azitha kutenga tchalitchi chonse kapena nkhope yokha osasuntha phazi. Anatinso ikhale yachangu. Wapampando anati changu n'chosafunika chifukwa akwati sathamanga, makamaka mwamuna. Bambo Kassimu anafotokoza kuti changu cha lenzi chili pakamwa pake: yoyasama kwambiri imameza kuwala kochuluka pa kanthawi kochepa, ndiye chithunzi sichigwedera ngakhale m'nyumba muli mdima. Anati nambala ikachepa kamwa limakula, kotero 3.5 imaposa 5.6. Wapampando anati zaka khumi ndi zisanu ali m'boma sanaonepo nambala yaikulu ikugonja kwa yaing'ono. Mayi Naphiri anawafunsa ngati amamugulira nsapato mwana wawo akakhala nambala sate m'kalasi. Mfundoyo inathera pomwepo.

4.3 Komiti inaunika malenzi atatu.

Yoyamba: yatsopano, yoitanitsa ku Blantyre, kukoka kwake 70 mpaka 210, kamwa 3.5, mtengo K245, kudikira masabata asanu ndi limodzi. Mayi Naphiri anati idzafika mkwatibwi atayamba kale kulakalaka mango aawisi. Inakanidwa popanda voti.

Yachiwiri: ya m'sitolo ina ya ku Old Town konkuno, 90 mpaka 230, kamwa 5.6, mtengo K98. Ndi yaitali ngati mkono, yonyezimira, ili ndi chikwama chachikopa.

Yachitatu: ya a Paxton, 70 mpaka 210, kamwa 3.5, mtengo K140. Mlomo wake ndi wopindika pang'ono poti inagwa pamene mwini wake ankajambula nyumba ikumangidwa. Ikaloza pansi imatsetsereka yokha, ndiye Bambo Jobu aimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Chikwama chake anadya galu. Galasi lake ndi loyera, ndipo imalowa pa kamera ya kalabu popanda kukakamiza.

4.4 Wapampando anaikira kumbuyo yachiwiri. Anati anthu amalipira zimene akuona, ndipo lenzi yaitali imapatsa ulemu. Anati kalabu singaime pa ukwati wa ku Area 9 ndi chinthu chomangidwa ndi mphira ngati legeni yoponyera mbalame. Bambo Kassimu anati iwo atsuka mafilimu zaka khumi ndi ziwiri ndipo sanaonepo ulemu ukutuluka pa pepala.

4.5 Bambo Jobu anati anabwereka malenzi awiriwo Lachitatu n'kuwayesa, ndipo anaika zithunzi zisanu ndi ziwiri pa tebulo lodulira nsalu. Nambala 1 mpaka 3 anajambula ndi yachiwiri ataima pakhomo la tchalitchi chija, kwaya ikuphunzira nyimbo. Komiti inagwirizana kuti pa zithunzizo pali anthu, koma sinagwirizane kuti ndi angati. Nambala 4 mpaka 6 anajambula ndi yachitatu, malo omwewo, nthawi yomweyo. Mabatani a mphunzitsi wa kwaya anawerengeka, ndipo zinadziwika kuti mayi wina wa mzere wachiwiri amangoyasama osaimba.

4.6 Wapampando anati nthawi yatha, Nambala 7 isayende m'manja mwa mamembala. Mlembi akudziwitsa kuti inali itayenda kale.

4.7 Chithunzi cha Nambala 7 chinajambulidwa ndi lenzi yachitatu ku City Centre itadutsa 5 koloko, kuchokera pokwerera basi, tsidya lina la msewu, kudzera pa windo. Chikuonetsa mkati mwa situdiyo ya anthu a ku Blantyre. Pa desiki pakhala Wapampando wa kalabu ino, atavala jekete yamizeremizere imene si yawo, telefoni ili kukhutu, akuseka mano onse ali pamtunda. Chingwe cha telefoniyo chikungolendewera, sichikupita kulikonse.

Bambo Jobu anati analoza pa windolo chifukwa ankafuna malo amdima oyeserapo, ndipo sanadziwe kuti mkatimo muli ndani mpaka nkhope inatuluka m'mankhwala otsukira zithunzi. Bambo Kassimu anachitira umboni, nati iwo anaseka mpaka anataya theka la botolo la mankhwalawo.

4.8 Poyamba Wapampando anati si iwo. Mayi Naphiri analoza wotchi, kenako analoza mpata wa pa mano. Kachiwiri Wapampando anati anapita kukafufuza mmene adani amagwirira ntchito. Mayi Naphiri anafunsa ngati ofufuza a masiku ano amavala jekete ya adani n'kupesa ndi tsitsi lomwe. Bambo Kassimu anati chimene chawapweteka iwo monga telala ndi jeketeyo, yopanda mapewa. Bambo Jobu sanaseke. Anati, "Bwana, ine ndimayenda wapansi kuchoka ku Area 43 kudzajambulira kalabu ino. Inu mukupereka ndalama kwa anthu amene akufuna kutilanda mbale?"

 

4.9 Kachitatu Wapampando analankhula atakhala pansi. Anati akazi awo, Mayi Efelo, anakana kusamuka pamene ofesi inkasamuka, ndipo papita chaka ndi miyezi iwiri ali ku Zomba ndi ana atatu. Mu Meyi anawatumizira chithunzi chimene kalabu inawajambula ataima pa nyumba yawo ya ku Area 18, tsiku lamphepo, fumbi lili kobo. Yankho linabwera patatha masiku khumi, ndipo analinena pamtima: "Ngati Lilongwe yakuchitani chonchi inu munthu wamkulu, ana anga sindibweretsa." Anati chithunzicho chinayenda mumpingo monse, ndipo amvano anawaika pa mndandanda wa odwala ofunika kuwapempherera.

Anati n'chifukwa chake anapita kusitudiyoko. Anatulutsa m'thumba chithunzi chimene anthu a ku Blantyre anawapatsa Lachisanu, nachiika pambali pa Nambala 7. Desiki yomweyo, jekete yomweyo, telefoni yomweyo, koma maso ali tong'o, khosi lili gwa, ngati munthu amene akumva pa telefoni kuti amusamutsanso. Anati sanachitumize.

Mlembi anafunsa chimene ankaseka pa Nambala 7. Wapampando anati wojambula wa kumeneko anawauza kuti ayerekeze ngati akulankhula ndi munthu wofunika pamene iye ankakonza magetsi. Iwo anati, "Halo, Efelo, ndine," kenako anayerekeza kuti wayankha ndi mwana wawo wotsiriza, amene amati aliyense wovala taye ndi adokotala. Wojambulayo atatembenuka anati, "Tsekani pakamwa, bambo, mabwana saseka," ndipo anajambula.

4.10 Bambo Jobu anati chithunzi cha mu Meyi anajambula ndi iwo, ndipo anapepesa. Anati vuto si Wapampando okha: munthu aliyense kamera ikamuyandikira amauma ngati ali pa perete. Anati ubwino wa lenzi yokoka zakutali ndi wakuti imamupeza munthu asanaume.

4.11 Voti: lenzi yachiwiri, palibe, lenzi yachitatu, asanu. Wapampando anakweza dzanja theka. Mlembi anawerenga lonse.

4.12 Zochita:
Mayi Naphiri ndi Bambo Jobu apite kwa a Paxton ku Area 43 Lolemba. Mayi Naphiri akanenerere mtengo potengera zimene anachita galu. Bambo Jobu anawachenjeza kuti akalowere geti lakuseri, chifukwa galuyo akadalipo.
Bambo Kassimu asoke chikwama ndi zotsala za suti, ndipo mphira uja auphimbe ndi kansalu kakuda kuti a ku Area 9 aziyesa ndi mmene lenziyo inapangidwira.
Zotsala zonse zigule mafilimu ojambulira malo amdima.
Lenzi yachiwiri ibwezedwe kusitolo ndi Wapampando, amene anaitamanda pamaso pa mwini sitolo.

5. MWAMBO WA KALABU

5.1 Mayi Naphiri anati chisoni ndi chisoni, koma mlandu ulipobe. Komiti inagamula kuti pa 4 Seputembala Wapampando adzanyamule miyendo ya kamera ndi chikwama cha Bambo Jobu kuchokera kutchalitchi mpaka ku Area 9, wapansi, akuyenda kumbuyo kwa Bambo Jobu. Wapampando anafunsa ngati angadzavale jekete. Analoledwa, bola ikhale yawo.

5.2 Wapampando anapereka ganizo lakuti lenzi yatsopano isamalozedwe kwa mamembala a komiti popanda kuwadziwitsa mwa kalata. Palibe anawathandiza.

6. ZINA NDI ZINA

6.1 Bambo Kassimu anapempha mamembala kuti aleke kuumitsa zithunzi ndi simbi ya mushopu muno, chifukwa sabata yatha nkhope ya mwana wobatizidwa inatsalira pa thalauzi la kasitomala.

6.2 Wapampando anapempha, motsitsa mawu, kuti kalabu iwatsukire Nambala 7 saizi ya positikhadi, koma adule chikwangwani cha situdiyo ndi chingwe cha telefoni. Bambo Kassimu anati chikwangwani chichoka, koma akadula chingwe adulanso chigongono. Bambo Jobu anati chingwe chisiyidwe, ku Zomba akayang'ana nkhope. Mayi Naphiri anati iwo monga mzimayi akudziwa kuti Mayi Efelo akachiona chingwecho poyambirira penipeni, akaseka, ndipo munthu amene waseka savuta kumanga katundu.

Wapampando anaitanitsa ziwiri. Atafunsidwa kuti chachiwiri n'cha yani, anati n'cha apongozi awo, poti amagamula ndi iwowo.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, pa 11 Seputembala 1976, 2 koloko masana, malo omwewa. Wapampando anati mwina, ndipo anapempha kuti mawu akuti "mwina" alembedwe, tsikulo adzakhala ali ku depoti kudikira basi yochokera ku Zomba. Komiti inagwirizana kuti zikatero msonkhano ukachitikira ku depoti komweko, ndipo Bambo Jobu adzaime patali ndi lenzi yatsopanoyo.

8. KUTSEKA

Bambo Jobu anatseka ndi pemphero lalifupi. Msonkhano unatha nthawi ya 4:35 madzulo.

Wosaina: ............................................
L. Chikaonda, Wapampando

Wosaina: ............................................
E. Kachingwe (Mayi), Mlembi